Nyuzi ya ndani iyi? Funso limene timaiwala mu minibasi

Kucokela mu 2022, bungwe la ERB limaunika mtengo wa mafuta mwezi ulionse, ndipo kumapeto kwa mwezi mitima ya onse okwela basi imakhala m'mwamba. Vuto ni lakuti ERB ikalibe kukamba kanthu, pa WhatsApp pamakhala patayamba kale kuzungulila kapepala kokhala ndi cizindikilo ca boma, sitampa ndi siginecha. Petulo yakwela, dizilo yakwela. Kondakitala akaona, auza dalaivala. Pofika madzulo pa Kulima Tower kapena pa Lumumba, mumva kuti "ba mayo onjezelani, simunamvele kuti fuel yakwela?" Mayi wa ku Chawama akana, mkangano wabuka, basi yaimilila pa msewu. Pamene ERB idzalengeza mtengo weniweni, ndalama ija yapita kale, ndipo kulibe amene adzabweza.

Tikumbutsane pano kuti ngakhale mafuta akwele zoona, kondakitala alibe mphamvu yosintha mtengo wa ulendo payekha. Mitengo yatsopano imatuluka pambuyo pakuti eni mabasi akambilana ndi boma, ndipo RTSA ndiyo imalengeza. Koma lelo sindifuna kukamba za cenji. Kapepala kaja ni kabodza kang'ono, kamakudyelani makwacha angapo cabe. Mzinda uno unaonapo bodza limene linadya anthu.

Amene munali mu Lusaka mu April 2016 mukumbukila. Kwa masabata angapo, mitembo inali kupezeka ku George ndi makomboni oyandikana nawo, ziwalo zina zitacotsedwa. Mantha anali enieni, malilo anali enieni. Ndiye panabwela mphekesela yakuti amalonda ocokela ku Rwanda ndiwo anali kupha anthu, ati ziwalo azisunga m'mafiliji a m'mashopu awo kuti malonda aziyenda. Kulibe anaonetsa filiji imeneyo. Koma m'masiku awili cabe mashopu oposa 60 anathyoledwa, anthu oposa 250 anagwidwa ndi apolisi, ndipo mabanja ambili anathawila ku chalichi ca St Ignatius ndi tumitolo m'manja. Ku Kanyama anthu awili anawatentha amoyo, ndipo onse awili anali a Zambia. Amene apolisi anadzagwila pambuyo pake pa mlandu wa kupha kuja analinso a Zambia anzathu. Mayi wa ku Rwanda amene anali kukukongozani shuga ndi saladi mpaka mwezi uthe, anataya zonse cifukwa ca nkhani imene inayamba ndi mawu akuti "nimvela ati".

Patapita zaka zinayi, kumayambililo kwa 2020, tinabwelezanso. Nkhani ya ma gassing inayambila ku Chingola n'kufalikila dziko lonse. Anthu anali kugona panja, anyamata atanyamula zibonga pa mphambano iliyonse. Mlendo wofunsa njila, munthu wodwala mutu, nkhalamba yosocela, aliyense anasanduka wokayikilidwa. Anthu makumi angapo anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, mpaka asilikali analowa m'misewu. Nthawi imeneyo ma voice note anali kufika pa foni usiku, mawu a munthu wosadziwika akupuma mothamanga, "bali ku Matero manje manje, uzani bonse". Ndipo tinali kuuzadi onse.

Apa anzanga ambili a m'nyumba zofalitsa nkhani amathela pomwepa. Amati vuto ni Facebook, vuto ni anthu osaphunzila amene akhulupilila ciliconse. Ine sindivomeleza kwenikweni. Munthu amene amawelenga cenji ca K100 pa mutu basi ili pa liwilo si wopusa. Funso loyenela kufunsa n'lakuti: n'cifukwa ciani munthu wanzelu zake akhulupilila voice note ya munthu amene samudziwa, n'kukayikila nyuzi ya 19 hours? Yankho lake litipweteka ife atolankhani, cifukwa cikhulupililo cimeneco sicinabedwe usiku umodzi. Cinadyedwa pang'onopang'ono, ngati ciswe pa mtanda wa denga.

Yambani ndi nyumba za boma. ZNBC, Times of Zambia ndi Zambia Daily Mail ni za anthu onse, ndipo amene muli ndi dikoda mumalipila TV levy kaya ndinu a cipani citi. Koma funsani atate anu za nthawi ya UNIP, funsani akulu anu za nthawi ya MMD, kumbukilani nokha za PF, ndipo yang'anani lelo. Mtundu wa citenge ca ovina pa eyapoti umasintha, koma dongosolo la nyuzi silisintha: Pulezidenti coyamba, wotsatila wake, nduna, nduna ina, ndiye wotsutsa atuluke ngati ali ku khoti kapena ngati mamembala ake athawila ku cipani colamula. Oona za cisankho ocokela ku European Union analemba mu 2021 kuti nyumba za boma zinakondela kwambili amene anali pa mpando. Amene anali kudandaula caka cimeneco ndiwo ali m'boma lelo, ndipo amene anali kusangalala ndiwo akudandaula. Sindinaonepo cipani cimene cidana ndi kukondela kwa ZNBC cili pa mpando.

Cina cimene cinaphunzitsa anthu kudalila mphekesela ni cizolowezi ca boma cobisa zinthu zimene aliyense akuona. Mu 2014 a Michael Sata anasowa pamaso pa anthu kwa nthawi yaitali. Aliyense amene anawaona potsegulila Nyumba ya Malamulo mu September anaona kuti mdala sali bwino, koma akuluakulu a boma anapitiliza kukamba kuti zonse zili cabe bwino. Pa 28 October anamwalila ku London, patangopita masiku anayi dziko litakondwelela zaka 50 za ufulu. Mawebusaiti amene anali kunenedwa kuti ni abodza ndiwo anaoneka ngati anali kukamba zoona. Kucokela pamenepo, munthu wamba anaphunzila phunzilo loipa: boma likakana, ndiye kuti n'zoona. Koma mphekesela nayo si mneneli. Mu July 2008 mbili inafalikila yakuti a Levy Mwanawasa amwalila, mpaka Pulezidenti wa South Africa, a Thabo Mbeki, anapempha anthu pa msonkhano kuti akhale cete mphindi imodzi powakumbukila. Anali akali moyo m'cipatala ku Paris, ndipo anamwalila pa 19 August. Ngati bodza linanamiza mtsogoleli wa dziko wokhala ndi akazitape ake, nanga ise a pa mpando wa kumbuyo mu basi ya ku Mtendere?

Manje musaganize kuti nyumba zimene si za boma ni angelo. Nkhani ya The Post ndiyo imaonetsa bwino mmene zinthu zimasokonezekela. Nyuzipepala imeneyi inayamba mu 1991 ndi a Fred M'membe, ndipo kwa zaka zambili inali yolimba mtima kuposa ina iliyonse. Inavutitsa a Chiluba, akonzi ake anamangidwapo. Koma pofika 2011 aliyense anali kuona kuti yaima kumbuyo kwa a Sata, ndipo PF itapambana, ena mwa atolankhani ake akuluakulu anapatsidwa nchito m'boma. A Sata atamwalila, ubwenzi ndi PF unatha, The Post inakhala mdani wa a Edgar Lungu. Mu June 2016, kutatsala miyezi yosakwana iwili kuti tivote pa 11 August, ZRA inatseka maofesi ake pa nkhani ya misonkho. Ena amati inali nkhani ya msonkho cabe, ena amati inali ndale cabe. Kwa ine zonse ziwili zingakhale zoona pa nthawi imodzi: ngongole ingakhalepo, koma wokhometsa amasankha tsiku lobwela ndi loko. Lelo a M'membe ni mtsogoleli wa Socialist Party, cinthu cimene cimapangitsa owelenga ena kubwelela m'mbuyo n'kudzifunsa kuti zija tinali kuwelenga zinali nyuzi kapena kampeni.

Cisankho ca 2016 citangotha, IBA inaimitsa malaisensi a Muvi TV, Komboni Radio ndi Radio Itezhi Tezhi. Prime TV inaimitsidwa masiku 30 mu March 2019, ndipo mu April 2020 laisensi yake inalandidwa, n'kudzabwelanso boma litasintha mu 2021. Onani cimene cimacitika m'mutu mwa mwini wailesi akaona zimenezi. Amaphunzila kuti kuti apulumuke afunika mthunzi wa munthu wamkulu, kaya wa m'boma kapena amene akuoneka kuti adzalowa m'boma mawa. Wailesi ikakhala pa mthunzi wa munthu, singamuponye mwala.

Lekani ndikulowetseni pang'ono m'khichini mwathu, muone mmene nsima ya nyuzi imaphikidwila, cifukwa kukondela kwambili sikucitika mwa kunama kwa poyela. Kumacitika posankha. Pa msonkhano wa cipani, wojambula angaime kutsogolo pamene anthu apanikizana, kapena angaime kumbuyo pamene pali mipando yopanda anthu ndi ana ogulitsa ma freezit. Zithunzi zonse ziwili n'zoona, koma zikamba nkhani zosiyana. Nduna ingakambe mphindi 40, mkonzi asankhapo masekondi 20. Mutu wa nkhani ungati "Boma lamanga zipatala" kapena "Zipatala zatsopano zilibe mankhwala", ndipo zonse zicokela pa ulendo umodzi. Palinso utolankhani wa "ati": uyu ati mnzake ni kawalala, mawa mnzakeyo ati uyu ndiye kawalala, ise tilemba zonse ziwili n'kudzitama kuti sitinakondele. Koma kulibe amene wapita kukaona mapepala kuti ndalama inasowadi kapena iyai. Kupita kukaona kumafuna masiku, thilansipoti ndi mkonzi wosaopa foni yocokela kumwamba.

Ndiyeno pali blalizo. Amene simuli m'nchito yathu mwina simulidziwa liwu limeneli. Ni kaenvelopu kamene mtolankhani amalandila pambuyo pa msonkhano wa atolankhani, ati "ya thilansipoti". Ambili mwa anzanga, makamaka a m'mawailesi ang'onoang'ono, amalandila malipilo osakwana lendi ya zipinda ziwili ku Garden, ena amatha miyezi osalandila, ena amagwila nchito caka conse akuchedwa ophunzila. Munthu wotelo mukamupatsa K200 pa khomo la hotela, simunamuuze kuti aname. Simufunikila kumuuza. Pobwelela ku ofesi mu basi imodzimodzi imene mwakwela imwe, funso lovuta lija limene anafuna kulemba limayamba kuoneka ngati mwano kwa munthu amene wamudyetsa. Pamene ndinali kuphunzila nchito pa nyumba ina, ndinathela sabata yathunthu pa nkhani ya madzi oipa m'komboni ina, ndili ndi zithunzi ndi maina a ana amene anadwala. Siinatuluke. Anandiuza mwaulemu kuti kampani imene ndinachula ili ndi malonda pa tsamba lacitatu mwezi wonse. Kulibe wandale anaimba foni tsiku limenelo, ndalama inakamba yokha.

Mvetselaninso bwino mapulogilamu a pa wailesi amene dalaivala amatsegula m'mawa. Ena ni olipilidwa: wandale wagula ola lathunthu, ndipo wofunsa mafunso ni mlendo m'nyumba yake yomwe. Wailesi yabwino imakuuzani poyamba ndi pothela kuti pulogilamu iyi yalipilidwa. Ina imangokhala zii. Ndipo oimba foni aja amene mumamva tsiku lililonse, mawu amodzimodzi pa mawailesi atatu, "nine concerned citizen"... dzifunseni kuti talk time yoimba m'mawa ulionse amaitenga kuti.

M'mpata umene tasiya ife ndimo mwalowa mapeji a pa Facebook ndi TikTok. Ena amagwila nchito yabwino, amatulutsa zimene nyumba zikuluzikulu zikuopa. Koma ambili alibe ofesi, alibe dzina la mkonzi, alibe kumene mungapite kukadandaula akakunamizilani. Amadya pa kuculuka kwa anthu otsegula, ndipo cimene cimatsegulidwa kwambili ni cimene cimakwiyitsa. Cithunzi ca ngozi ya ku dziko lina cimasanduka ca pa Great East Road. Vidiyo ya zaka zisanu zapitazo imabwela ngati ya lelo. Masiku ano kompyuta ikhoza kutengela mawu a munthu n'kumukambitsa zimene sanakambepo, cakuti ngakhale makutu anu si mboni yodalilika. Coopsa kwambili kwa ine ni mapeji amene amasandutsa nkhani iliyonse kukhala ya mtundu. Munthu akapatsidwa nchito, iwo ayang'ana dzina la atate ake. Akacotsedwa nchito, cimodzimodzi. Mu basi imodzi ya ku Chelstone mumakhala Mtonga, Mbemba, Mlozi ndi Mnsenga atapanikizana mapewa, akupatsilana cenji popanda vuto. Peji ija imafuna kuti mukatsika muyambe kuyang'anana ndi diso lina, cifukwa pali amene amapindula ndi mavoti a anthu oopana.

Boma lililonse likafika apa limati mankhwala ni lamulo. Ndiye tiyeni tione mbili ya malamulowo. Kale m'Penal Code munali gawo 67 loletsa kufalitsa nkhani zabodza, ndipo mu December 2014 High Court inagamula kuti limasemphana ndi malamulo aakulu a dziko, pa mlandu umene unakhudza a Daily Nation. Mu March 2021 a Lungu anasaina lamulo la Cyber Security and Cyber Crimes, ndipo a UPND, ali otsutsa, analidzudzula kwambili. Pa tsiku lovota, 12 August 2021, WhatsApp ndi Facebook zinazima masana, mpaka bungwe la Chapter One Foundation linatengela ZICTA ku khoti. Boma latsopano linacita zinthu ziwili zimene ndiyenela kuyamikila: mu December 2022 linacotsa mlandu wonyoza Pulezidenti, ndipo mu December 2023 a Hakainde Hichilema anasaina lamulo la Access to Information, limene atolankhani analililila zaka zoposa 20. Koma mu April 2025 anasainanso malamulo awili atsopano, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act, ndipo a Law Association of Zambia pamodzi ndi mabungwe ena anadandaula kuti akupatsa boma mphamvu zambili zosuzumila m'mafoni ndi kumanga anthu pa zimene alemba. Boma limati colinga ni kuteteza anthu ku akuba a pa intaneti ndi onyoza anzawo.

Akubawo alipodi, tonse tinalandilapo meseji ya "tumizani pa nambala iyi". Koma pa nkhani ya bodza la ndale, ine lamulo ndimaliopa kuposa mmene ndimalidalila. Amene agamula kuti ici ni bodza, poyamba ni wapolisi, ndipo wapolisi ali ndi bwana wake. Kawilikawili amene amagona m'selo ni wonamizila boma, osati wonamila boma. Aliyense amene akuombela m'manja lamulo lotelo lelo aganizile tsiku limene cipani cake cidzakhala kunja, cifukwa mu 1991, mu 2011 ndi mu 2021 tinaona kuti mpando uja suzolowela munthu. Kuzimitsa intaneti nakonso sikunaphe mphekesela mu 2021. Anyamata anaphunzila VPN tsiku lomwelo, ndipo amene analibe anangodalila zimene wauza mnansi.

Pa cisankho, nthawi yoopsa kwambili si ya kampeni. Ni masiku a pakati pa kuvota ndi kulengeza. Mu 2021 tinavota pa Cinayi, koma zotsatila zomaliza zinalengezedwa pa 16 August m'bandakuca: a Hichilema mavoti pafupifupi 2.8 miliyoni, a Lungu pafupifupi 1.8 miliyoni. Masiku anayi amenewo foni iliyonse inali ndi "zotsatila" zake. Dziwani mmene zimayendela. Mavoti amawelengedwa pa malo pomwe mwavotela, oimila zipani akuona, ndipo pepala la zotsatila limasainidwa n'kumatidwa pa khomo. Limenelo mungapite kukaliona ndi maso anu. Manambala amapita ku likulu la constituency, ndiyeno ku Lusaka, ndipo wapampando wa ECZ yekha ndiye ali ndi mphamvu yolengeza wopambana pa upulezidenti. Kucokela mu 2016 wopambana afunika mavoti oposa theka. Conco cithunzi ca pepala limodzi la ku sukulu ina ku Kabwata cingakhale coona, koma sicikuuzani za dziko lonse. Zipani zimadziwa zimenezi, n'cifukwa cake ciliconse cimathamangila kutulutsa mapepala a kumene cili ndi mphamvu, kuti otsatila ake akhulupilile kuti apambana kale. Akadzamva zosiyana, amati tabeledwa, ndipo miyala imayamba pa mabasi ndi pa tumashopu.

Sindikuuzani kuti muleke kuwelenga nyuzipepala ya uje kapena kumvela wailesi ya uje. Ine ndimawelenga zonse, ngakhale zimene zimandinyansa, cifukwa nkhani imene yabisidwa kuno imaonekela uko. Cimene ndimafunsa coyamba ni cakuti mwini wake ndani ndipo amadya kuti. Kapepala ka ERB, ka ZESCO kapena ka ECZ kakafika pa foni, mphindi imodzi ikwana kuona ngati kalinso pa peji yawo yeniyeni. Kuli a iVerify Zambia, amene anayamba mu 2021 pansi pa Panos Institute Southern Africa, nchito yawo ni kufufuza nkhani zokayikitsa zotele. Ndipo voice note yopanda dzina, yopanda tsiku, yongoti "uzani bonse", ingathele pa foni yanu osapitilila. Kulibe amene adzakulipilitsani.

Kwa amene mufika kunyumba nyuzi ya 19 hours ikalibe kuyamba, ngati malaiti alipo, ndili ndi kanchito. Sabata ino tengani kabuku, mulembe nkhani zisanu zoyambilila tsiku lililonse: ndani wakamba, wa cipani citi, ndipo wapatsidwa mphindi zingati. Citani cimodzimodzi ndi TV ina imene si ya boma. Pa Cisanu muike mapepala awiliwo pamodzi, ndipo mubwele nawo mu basi pa Mande, tidzawelengele limodzi pa jamu ya pa Kafue roundabout.